Kodi Wolembedwa pa Rizevu Ali Womangidwa?

Anzanga a Fomu 4, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndapempha malo m'magazini athu ano kuti ndinenepo maganizo anga pa nkhani imene ikutidikira tonsefe kuseri kwa mayeso a MSCE. Ambiri a ife tiganiza kuti mayeso akatha zotsala nziwiri zokha, kusankhidwa kapena kusiyidwa. Koma pali cinthu cacitatu cimene ciri pakati pa ziwirizi, ndico kulembedwa pa mndandanda wa odikira, umene anthu amauchula kuti rizevu. Koleji imakuuza kuti, "Malo atha, koma usapite kutali, wina akalephera kubwera tidzakuitana." Tsono funso langa nali: kodi munthu wolembedwa pamenepo walonjeza kanthu? Akapeza malo kwina napita, kodi wanama? Ine nditi iai, ndipo ndifotokoza cifukwa cace.

Mndandanda wotere si cinthu cacilendo kwa ife. Tonse tikumbukira za ku Sitandade 8. Zotsatira za mayeso a PSLCE zikaturuka, Unduna wa Maphunziro umagawa ana: ena ku sekondale zazikuru za dziko lonse, ena ku zogonera za m'maboma, ena ku zoyendera, ndi ambiri ku ma CDSS. Koma si onse osankhidwa amene amapita. Wina fizi yamkanika, wina makolo amtumiza ku sukulu yolipira, wina wadwala, wina wakwatiwa. Malo ao akakhala opanda munthu, Unduna umaturutsa maina ena, ndiwo aja timati second selection. Ena a ife m'sukulu muno tinalowa pa cipata mwa njira imeneyo, anzathu atatha kale masabata angapo m'kalasi, ndipo palibe camanyazi pamenepo. Tsono taganizani. Mwana amene anali atayamba kale ku CDSS ya kwao, nanyamula katundu wace kubwera kuno ataitanidwa, kodi alipo anamunena kuti ngwabodza? Nanga ana aja anadikira mpaka teremu inatha osaona maina ao, kodi anakasumira Unduna kuti waphwanya pangano? Iai ndithu. Aliyense anadziwa kuti panalibe pangano, panali ciyembekezo cokha.

Ciyembekezo cimeneci cimabadwa m'kucepa kwa malo, ndipo kucepaku nkwakale. Sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940. Ya Akatolika ku Zomba inatsata mu 1942, ndi ya Boma ku Dedza mu 1951. Ofuna maphunziro apamwamba masiku amenewo ankapita kunja, ku Makerere kapena ku Fort Hare. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ndi ophunzira 90 okha. Lero Boma liri ndi mayunivesite 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS zimene zinapatuka ku UNIMA mu 2021, LUANAR, MZUNI, ndi MUST imene inatsegulidwa mu 2014 pa Ndata, m'boma lathu lomwe lino la Thyolo. Ngakhale ziri conco, amene amakhoza ndi makirediti 6, Cingerezi ciri momwemo, amacuruka kwambiri kuposa mipando. Bungwe la NCHE likatha kusankha, otsala amakhala ambiri. Ndico cifukwa cace wanzeru salembera malo amodzi okha. Amalemberanso ku makoleji a aphunzitsi, a unamwino ndi zacipatala, a nchito zamanja, kaya ku mayunivesite olipira. Onsewa ali ndi nthawi yaoyao yofunsa mafunso ndi yoturutsa maina, ndipo sadikirana. Apa ndipo munthu amapezeka ali pa rizevu kuno, nthawi yomweyo ataitanidwa uko.

Tiyambe tafunsa kuti mndandandawo ngwa yani. Ena aganiza kuti koleji imaulemba cifukwa ca cifundo. Kapena cifundo ciripo pang'ono, koma cifukwa ceniceni ncakuti akuru a koleji adziwa kuti mwa anthu amene awaitana ena sadzabwera. Mpando wopanda munthu ndi ndalama zotayika, pakuti aphunzitsi alipidwa cimodzimodzi ndipo magetsi ayaka cimodzimodzi. Cotero amasunga maina ena monga amai asunga mbeu yapadera kuti akapakize m'mapando m'mene simunamere. Mbeu ikamera yonse, yapaderayo ikhala m'thumba. Palibe coipa pamenepa, ndi nzeru ya ulimi basi. Koma tizindikire kuti koleji siinadzimange ndi cingwe ciri conse. Siinanene kuti idzakuitana. Yanena kuti mwina.

Ife a kwa Khwethemule ndi a midzi yozungulira minda ya tiyi tiyenera kumvetsa zimenezi msanga kuposa anzathu a m'tauni, pakuti tinakula tikuziona. Mvula ikagwa, kuyambira December mpaka April, tiyi amaphuka msanga ndipo maesiteti amafuna manja ambiri othyola. Anthu amalawira m'mamawa kukaima pa ofesi. Kapitao alemba ena, ndipo otsala auzidwa kuti maina ao asungidwa, abwerenso sabata yamawa. Munthu wosungidwa dzinayo salandira dengu, sayezetsa masamba pa sikelo, ndipo pa tsiku la malipiro saitanidwa. Akamva kuti esiteti ya kutsidya ikulemba, athamangira komweko, ndipo palibe nyakwawa imene ingamzenge mlandu wothawa nchito, popeza nchitoyo sanaiyambe. Kapitao yemwe, akadzaitana dzina lija osamva kubvomera, sakwiya. Angopitirira ku dzina lotsatira. Nanga bwanji cimene cimveka bwino pa cipata ca esiteti citisokoneza mitu cikalembedwa m'Cingerezi pa pepala la cidindo?

Pangano limamanga anthu awiri. Akuru athu adziwa ici bwino pa nkhani ya ukwati. Mnyamata akafunsira mbeta, msungwana nalola, cikole niciperekedwa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri nakumana, pamenepo onse awiri amangidwa, ndipo wophwanya ali ndi mlandu. Koma tayerekezani mnyamata wouza msungwana kuti, "Ine ndatomera wina, koma iwe undidikire. Uyo akandikana ndidzabwera kwa iwe. Pakali pano usalole mwamuna ali yense." Kodi amalume a msungwanayo angamlandire bwanji mnyamata wotere? Ine ndikhulupira kuti angamtulutse pabwalo ndi munsi. Tsono koleji imene ikuika pa rizevu yatomera ena. Siilakwa potero, koma ingalakwe ikafuna kuti iwe ukane ofunsira onse.

Sindilankhula za m'maloto. Msuweni wanga wina wamkazi anakhoza bwino MSCE, nalembera ku koleji ina ya unamwino ndi ku koleji ina ya aphunzitsi. A unamwino anamuika pa rizevu, namuuza kuti dzina lace liri pamwamba. Pasanathe mwezi a uphunzitsi anamuitana, namupatsa tsiku lokafika. Amalume athu, munthu wopemphera ndi wosanama, anati, "Mwana iwe, unawauza a cipatala aja kuti udikira. Banja lathu siliri la malirime awiri." Msungwanayo mtima wace unali ku unamwino kale, cotero anamvera mosabvuta. Tsiku la ku uphunzitsi linapita. Anadikira mvula yonse, foni iri m'manja, akukwera pa culu ca kuseri kwa nyumba kufuna netiweki. Kalasi ya anamwino inayamba, ndipo palibe anamuuza kanthu, ngakhale mau oti mndandanda watsekedwa. Caka cimeneco anathyola tiyi pamodzi ndi amai ace. Amalume sindiwanena, pakuti anafuna kusunga ulemu wa banja. Koma anasunga pangano limene mbali inayo siinalipange konse, ndipo mtengo wace unagwera mwana.

Akuru anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapacala ngwa mphepo. Malo amene wapatsidwa ndi fodya wa pamphuno. Mwana wa munthu wolemera atha kusewera ndi mphepo, cifukwa akalephera atate ace adzamlipirira ku yunivesite yolipira. Mwana wa wothyola tiyi alibe mwai wotero. Caka cimodzi ca pakhomo cimabala zambiri: mnyamata ayamba kabaza kapena akwera basi ya ku Joni, msungwana afunsiridwa, ndipo ndalama zimene makolo anasunga zipita ku feteleza kapena ku maliro. Ambiri amene anati "ndidzalemberanso caka camawa" sanalemberenso.

Ndidziwa cimene ena a inu aphunzitsi mudzayankha, pakuti ndinacimva kale m'kalasi. Mudzati ana a masiku ano ngadyera, agwira uku ndi uku, ndipo mapanga awiri abvumbwitsa. Mudzatinso mwana wotere aononga dzina la sukulu, cifukwa koleji ikaona kuti ana a sukulu yakutiyakuti amalembetsa osabwera, idzakayikira azing'ono ao. Mau amenewa ndiwalemekeza, koma mundilole ndiyankhe. Mwambiwo unena za munthu amene ali ndi mapanga awiri, nathamangathamanga pakati pao osalowa. Wa pa rizevu alibe phanga ngakhale limodzi. Waima pakhomo pa phanga lodzaza, mvula ikumgwera pamsana, ndipo a m'katimo amuuza kuti mwina wina aturuka. Akaona phanga lina lotseguka nalowamo, ameneyo wamvera mwambiwo, sanauphwanye. Kunena za dzina la sukulu, ine ndiona kuti limaonongeka ndi ana ocoka mwakacetecete, osati ndi ana ocoka atatsazika. Ndipo za kutsazikako ndinena patsogolo.

Nkhaniyi siiri kwathu kokha, ndipo nkwabwino kuona mmene ena anaikonzera. Ku Amereka makoleji ambiri amapatsa ana mpaka pa 1 May kuti ayankhe ngati adzabwera. Mwana wa pa mndandanda wa odikira amalangizidwa kulipira cikole ku koleji ina imene yamlandira kale, kuti asatsale padera. Ija yomdikiritsa ikamuitana pambuyo pace, atha kupita nataya cikole cija, kapena atha kukana. Alinso ndi njira ina imene amati Early Decision. Mwana alembera koleji imodzi msanga, nasaina iye, kholo lace ndi mlangizi wa pa sukulu yace kuti akalandiridwa adzapita komweko, nadzacotsa makalata ace ena onse. Limenelo ndilo pangano lomanga, ndipo koleji nayo imayankha msanga, kawirikawiri mu December. Koma ngakhale pamenepo, thandizo la fizi likaperewera, mwana amamasulidwa. Ku Mangalande bungwe la UCAS limalola mwana kulembera malo 5, ndipo akalandiridwa aloledwa kusunga awiri, amodzi okhazikika ndi ena othawirako ngati magiredi ace aperewera. Onani, kumeneko lamulo lenilenilo lipatsa mwana mapanga awiri, podziwa kuti mvula siipangana ndi munthu.

Makoleji ena a ku Amereka komweko amagawa mndandanda wao pawiri, naika patsogolo ana amene anena kuti mtima wao uli pa koleji imeneyo ndi kuti adzayankha msanga akaitanidwa. Izi zifanana ndi zimene zimacitika kwathu pa tsiku la mafunso, pamene wa pa tebulo akuyang'ana m'maso nafunsa kuti, "Tikakuitana udzabwera?" Iwe ubvomera, ndipo ubvomera moona, pakuti tsiku limenelo ulibe kwina kopita. Koma yankho limenelo liulula cifuniro ca mtima wako pa tsikulo. Si lumbiro la caka conse. Ndipo mau aja oti uli pamwamba asakunyenge. Woyamba pa mzere wa basi yodzaza atsala pa siteji pamodzi ndi wotsiriza.

Komabe pano ndicenjeze anzanga amene ali ndi pakamwa popepuka. Usauze makoleji atatu kuti iri yonse ndiyo ya pamtima pako, cifukwa ilo ndi bodza, ngakhale palibe khoti limene lingakugwire. Ndipo akakupatsa pepala loti usaine kuti udzabwera zibvute zitani, uliwerenge kawiri, upite nalo kwa aphunzitsi kapena kwa mkuru wodziwa kuwerenga. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Usacite manyazi kufunsa kuti uli wacingati pa mndandandawo, ndi kuti udzatsekedwa liti. Koleji yoona mtima siingabise zinthu ziwirizi, ndipo ine ndikadakhala ndi mphamvu ndikadalamula kuti zizilembedwa m'kalata momwemo.

Tsopano za ndalama. Makoleji ambiri akakupatsa malo amafuna kuti ulipire gawo la fizi lisanafike tsiku lakuti, ndiyo ija amati commitment fee. Ine ndiiyesa cikole ceniceni, ndipo sindiitsutsa, pakuti iwo akusungira mpando ndipo iwe waonetsa kuti ulikudza. Ukasintha maganizo pambuyo pace ndalamayo ikapita, usadandaule; ndiwo mtengo wa kusinthako. Koma kulipira kanthu kuti dzina lako likhalebe pa rizevu, kapena kuti likwere pamwamba, nkosayenera konse, kaya afuna ndi ofesi kaya ndi munthu wa m'makwalala wonena kuti adziwana ndi akuru. Kwathu ndalama yotere imacokera ku mbuzi yogulitsidwa mothamanga kapena ku katapila. Ife a ku Thyolo tiri ndi cifukwa cokayikira mapangano olemera mbali imodzi. Agogo athu anagwira thangata pa minda ya Azungu, pamene mwini munda ankatha kucotsa munthu koma munthuyo sankatha kukana nchito. Thangata linali limodzi la madandaulo a John Chilembwe mu 1915, linali m'mitima ya anthu pa zipolowe za kuno mu 1953, ndipo linatha ndi lamulo la 1962. Sindinena kuti rizevu ndi thangata, kungakhale kupeputsa masautso a agogowo. Ndingoti mdzukulu wao ayenera kuzolowera kufunsa, asanaike cala pa pepala, kuti mbali inayo yadzimanga ndi ciani.

Wina asaganize kuti ndikuphunzitsa kuti palibe cimene cimanga wophunzira. Ziripo. Ukalandira ngongole ya fizi ku bungwe la Boma la ngongole za ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, udzabweza, cifukwa ndalamazo unadya ndipo azing'ono ako alikuziyembekezera. Mishoni kapena kampani ikakulipirira sukulu, iwe nusaina kuti udzawagwirira nchito zaka zakuti, uyenera kuzigwira. M'zonsezi wapatsidwa kanthu m'manja. Ndionjezepo kuti kuyambira mu 2017 malamulo akuru a dziko lino amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo ambiri a ife tikali pamenepo. Cotero mapepala olemera otere si osaina tokha kuseri kwa makolo.

Koma pali ngongole imodzi imene wa pa rizevu ali nayo, ndipo ndi imene timaiiwala. Pansi pa dzina lako pali dzina la wina. Ukapeza malo kwina, nukhala cete, a ofesi adzakuimbira foni, adzadikira masiku, adzaimbanso, ndipo masiku onsewo mnzako wa ku Thekerani kapena wa ku Masambanjati ali pa culu kufuna netiweki monga anacitira msuweni wanga. Coipa koposa ndi munthu amene wapatsidwa malo enieni kuwiri, nasunga onse awiri mpaka tsiku lotsegulira kuti aone kumene anzace apita. Ameneyo ndiye wa mapanga awiri, ndipo wobvumbwa si iye, ndi mnzace. Inu amene munabwera kuno pa second selection mukumbukira mmene munabvutikira kukopera manotsi a masabata amene munaphonya, usiku anzanu atagona. Ena mwa masabata amenewo munawataya cifukwa ca ana amene anadziwa kale kuti sadzabwera koma sananene. Mlendo wa ulemu sacoka pamudzi osatsazika, ngakhale sanadye nsima ya pamenepo.

Cifukwa cace ndipempha aphunzitsi athu a Cingerezi kuti pa makalata amene atiphunzitsa kulemba mayeso asanafike, ya kufunsira nchito ndi ya kudandaula, aonjezepo iyi yotsazika. Ndi ya mizere inai kapena isanu yokha: dzina, nambala ya mayeso, maphunziro amene unalembera, mau othokoza ndi oti acotse dzina lako, ndi tsiku. Ukhoza kuitumiza pa positi ku Thyolo Boma kapena ku Luchenza, ukhoza kuijambula ndi foni nuitumiza pa nambala imene iri pa kalata yao, ndipo ina yofanana nayo uisunge pamodzi ndi satifiketi yako.

Wophunzira wa Fomu 4, wocokera kwa Khwethemule